Kukonza "Lero M'mbiri" ya Kuno ku Mangochi: Tiyesere pa 12 Febuluwale

Amene mumapatsidwa mphindi zisanu pa asembule ya sukulu, pa wayilesi ya m'dera kapena pagulu la achinyamata kuti munene zimene zinachitika tsiku ngati la lero, njira yachidule mukuidziwa: kutsegula foni, kulemba deti, n'kukopera zomwe zatuluka. Zotulukazo kawirikawiri zimakhala nkhondo za ku Ulaya, mafumu akutali ndi akatswiri a mafilimu a ku America. Ana amamvetsera mwaulemu, koma ikamakwana nthawi ya buleki amakhala ataiwala. Tsamba la tsiku limakhazikika m'mutu likayambira pakhomo, pa chinthu chimene womvera angapite kukachiona kapena chimene agogo ake akuchikumbuka, ndipo deti lake likhale loti wina akakutsutsani mutha kuonetsa pomwe munalitenga. Boma lathu lino lili ndi madeti otere ambiri, kungoti sanasonkhanitsidwe pamodzi.

Buku la masiku

Gulani mahadikava awiri a masamba 192. Pamodzi akupatsani masamba 384: tsamba limodzi pa deti lililonse la chaka, kuphatikizapo 29 Febuluwale amene ambiri amamudumpha n'kudzasowa pomuika, ndiye kuti masamba 366. Masamba 18 otsala kumapeto muwasungire masiku oyendayenda monga Idi ndi Pasaka. Tsamba lililonse ligaweni ndi rula: theka lapamwamba likhale la zochitika, gawo lotsatira la obadwa ndi omwalira, lapansi la zikumbutso. Kumanja siyani mzere wotalika zala zitatu m'lifupi wolembamo komwe mwatenga nkhani iliyonse, kaya ndi dzina la buku ndi nambala ya tsamba, nyuzipepala ndi deti lake, chipilala, kapena mkulu amene wakuuzani ndi mudzi wake.

Lamulo la bukuli ndi limodzi: chimene mwachipeza pamalo amodzi okha chilembeni ndi pensulo, ndipo bolopeni ibwere mukachipezanso kwina kosagwirizana ndi koyambako. Masamba awiri a pa intaneti amene alemba chiganizo chofanana mawu ndi mawu ndi gwero limodzi, wina anangokopera kwa mnzake. Zapensulo siziwerengedwa pagulu.

Nkhani yaikulu ya tsikuli

Pa 12 Febuluwale, Mangochi safunika kubwereka nkhani kwina. Usiku wa tsikuli m'chaka cha 1965, Henry Masauko Chipembere anatsogolera anthu pafupifupi 200 kudzalanda boma la Fort Johnston, lomwe ndi tauni yathu yomwe ino isanasinthidwe dzina. Musanafike pausiku umenewo, omvera afunika ziganizo zitatu kapena zinayi zowauza chomwe chinatsitsa dzaye. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi itatu, nduna zingapo zinasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda, ena anachotsedwa ndipo ena anatula pansi udindo. Chipembere, yemwe anali nduna ya maphunziro, anatula pansi mu Sepitembala chaka chomwecho n'kubwerera kudera la Malindi, komwe bambo ake anali mbusa wa mpingo wa Anglican, kenako analowa m'mapiri ndi omutsatira.

Atalanda polisi ndi kutenga mfuti ndi magalimoto, gululi linalowera kumwera, cholinga chili kukafika ku Zomba komwe kunali likulu la dziko panthawiyo. Apa ndi pamene wofotokoza ayenera kuchedwapo, chifukwa mwana wa lero amene amawoloka Shire pa mlatho sangamvetse chimene chinalepheretsa ulendowu. Ku Liwonde kunalibe mlatho, magalimoto ankawoloka pa pantoni, ndipo gululi linakapeza pantoniyo ili tsidya linalo. Ulendo unathera pomwepo. Asilikali a boma anawalondola, midzi yomwe inkaganiziridwa kuti ikuwathandiza inaona zakuda, ndipo mmodzi mwa atsogoleri a gululi, Medson Silombela, anagwidwa n'kunyongedwa ku ndende ya Zomba. Chipembere anatuluka m'dziko muno chaka chomwecho cha 1965 ndipo anamwalira ku America pa 24 Sepitembala 1975. Msewu waukulu wa mu Blantyre umene ukudziwika ndi dzina lake unatchulidwa choncho ulamuliro wa chipani chimodzi utatha.

Ngati pali bolodi, jambulani mtsinje wa Shire ndi mizere iwiri, ikani Malindi kum'mawa kwa nyanja, Fort Johnston kumadzulo kwa mtsinje, Liwonde kumunsi, Zomba kutsidya. Chojambula cha mphindi imodzi chimenechi chimaposa ndime yonse yofotokoza.

Kutsimikiza deti

Yeso loyamba ndi tsiku la sabata. Bwezani kalendala ya pa foni kapena ya pa kompyuta mpaka chaka chomwe mukufuna: 12 Febuluwale 1965 linali Lachisanu. Mukapeza cholembedwa chonena kuti zinachitika Lolemba pa 12, dziwani kuti pali cholakwika penapake, mwina deti, mwina chaka. Yeso lomweli limagwira pa madeti ena: 3 Malichi 1959 linali Lachiwiri, 6 Julayi 1964 linali Lolemba.

Lachiwiri ndi la usiku. Zinthu zoyamba madzulo n'kutha m'bandakucha zimagwera pa madeti awiri, n'chifukwa chake nkhaniyi mudzaipeza penanso pa 13 Febuluwale. Sikuti wina wanama. Ilembeni pa tsiku lomwe inayamba, ndipo pa tsamba la 13 ikani kamzere kolozera mmbuyo.

Lachitatu ndi la akuluakulu. Amene anali ndi zaka 15 mu 1965 anabadwa mu 1950, ndiye alipobe m'midzi ya ku Malindi, kwa Mponda ndi kwina, ngakhale akucheperachepera. Koma mkulu musamufunse kuti "linali deti lanji?" Adzakupatsani nambala pofuna kuti musabwerere chimanjamanja, ndipo nambalayo idzakhala yongoganizira. Funsani zomwe maso ake anaona: chimanga chinali chitafika pati, mvula inkagwa bwanji, sukulu inali yotsegula kapena ayi, anthu anali atamaliza kufunga kapena asanamalize. Funso lomalizali ndi lamphamvu kuno kwathu. M'chaka cha 1965 Idi yomaliza mwezi wa Ramadhan inagwa kumayambiriro kwa Febuluwale, choncho gogo akakuuzani kuti "tinali titangodya Idi kumene," mawu ake akugwirizana ndi mabuku. Akanena kuti kunali kotentha anthu akusosa m'minda, ndiye kuti akukumbuka china, mwina mpungwepungwe wa Okutobala 1964 kapena kusakasaka komwe kunatsatira, ndipo chimenecho chili ndi tsamba lake.

Kukacheza ndi mkulu wotere, yambirani kwa amfumu, pitani ndi munthu wodziwa bwino Chiyao ngati inuyo simuchilankhula, ndipo pemphani chilolezo musanayatse chojambulira mawu pa foni. Musayambe ndi dzina la Chipembere. Kwa zaka pafupifupi 30 kutchula dzinali kunkalowetsa munthu m'mavuto, ndipo mantha amenewo mwa ena sanatheretu. Yambani ndi za pantoni ya pa Shire, za msika, za sukulu yomwe anaphunzira, nkhaniyo idzabwera yokha. Ndipo kumbukirani kuti pa asembule yomweyo pakhoza kukhala mdzukulu wa amene anali m'gululi, mdzukulu wa wapolisi, ndi wa banja lomwe linaotcheredwa nyumba. Panafa anthu mbali zonse, ena osalakwa. Nenani zomwe zinachitika, mayina a anthu wamba muwasiye pokhapokha banja litavomera, ndipo kugamula kuti wolakwa anali ndani si ntchito ya mphindi zisanu.

Pa zolembedwa, nyuzipepala zakale zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre ili ndi mabuku ambiri a mbiri ya dziko lino. Nyuzipepala za 1965 muzizikhulupirira pa deti, koma pa kafotokozedwe muziwerenga mukudziwa kuti zinkalankhulira boma.

Obadwa pa tsikuli

Atatu akukwana, ndipo woyamba akhale Mmalawi. Saulos Klaus Chilima, yemwe anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino koyamba mu 2014, anabadwa pa 12 Febuluwale 1973 ndipo anamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024. Masamu a zaka ndi amene amagwetsa ambiri. Chotsani chaka chobadwa pa chaka chomwalira, kenako onani ngati tsiku lobadwa linali litadutsa m'chaka chomalizacho. Kwa Chilima, 2024 kuchotsa 1973 ndi 51, ndipo Juni amabwera Febuluwale atadutsa, ndiye 51 ikhale. Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930. Mukachotsa pa 1965 mupeza 35, koma mu Febuluwale anali asanafike Ogasiti, choncho usiku wa ku Fort Johnston uja anali ndi zaka 34. Womwalira sitinena kuti "akukwanitsa zaka" zakutizakuti, timati "akanakhala ndi moyo bwenzi akukwanitsa."

Akunja awiri otchuka anabadwa tsiku limodzi, chaka chimodzi: Abraham Lincoln ku America ndi Charles Darwin ku England, onse pa 12 Febuluwale 1809. Mukangowatchula n'kudutsa, mwataya mwayi, pakuti onse awiri ali ndi chingwe chowafikitsa kuno. Lincoln anali mtsogoleri wa America kuyambira 1861 mpaka 1865 ndipo amakumbukiridwa pa nkhani yothetsa ukapolo kumeneko, pomwe kuno malonda a akapolo odutsa kwa Mponda ndi kwa Makanjira kulowera kugombe la nyanja yamchere anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890, ndipo linga la Fort Johnston linakhazikitsidwa mu 1891 pofuna kutseka njira imeneyo. Darwin ndi amene anafotokoza mmene mitundu ya zamoyo imasinthira pang'onopang'ono, ndipo nsomba za mbuna za m'miyala ya ku Cape Maclear, zomwe zili mitundu yambirimbiri yosapezeka kwina kulikonse, ndi chitsanzo chimene asayansi a dziko lonse amabwerera kudzaphunzira. N'chifukwa chake Lake Malawi National Park inaikidwa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Za Darwin nenani zomwe anaphunzitsa ndi komwe zikuoneka, mtsutso wa zachipembedzo uli ndi bwalo lake.

Ambiri amakonda kuwonjezerapo ana a pasukulu kapena omvera wayilesi amene akukumbukira kubadwa kwawo. Nzabwino, bola mwiniwake wavomera, ndipo chaka musatchule. Kwa achikulire chenjerani ndi deti la pa chitupa cha unzika, chifukwa amene analibe cholembedwa chilichonse ankangopatsidwa deti loyerekeza polembetsa. Kaundula wa ubatizo wa ku mishoni kapena khadi yakale ya kusikelo ndi zodalirika kuposa chitupacho.

Chikumbutso cha tsikuli

Pa 12 Febuluwale maiko ambiri amakumbukira tsiku lotsutsa mchitidwe wolowetsa ana usilikali, lotchedwa Red Hand Day, chifukwa pa deti limeneli mu 2002 ndi pomwe pangano la United Nations loteteza ana osakwana zaka 18 kunkhondo linayamba kugwira ntchito. Chizindikiro chake ndi chikhatho chofiira: penti wofiira wamadzi m'mbale, pepala lalikulu limodzi pa kalasi, mwana aliyense adinde dzanja. Nenani momveka kuti si tchuthi, apo ayi chaka chamawa ena adzajomba.

Onaninso masamba oyandikana nawo kuti zisalowerere. Nelson Mandela anatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, osati pa 12, ndipo tsiku lokumbukira wayilesi padziko lonse ndi pa 13.

Misampha ina ya madeti

Manambala okhaokha ndi oopsa. Ife 12/02 timawerenga kuti 12 Febuluwale, koma ku America amayamba ndi mwezi, ndiye kwa iwo ndi 2 Disembala. Momwemonso 6/7 kwa iwo ndi 7 Juni. M'buku mwanu mwezi muzilemba ndi mawu nthawi zonse.

Tsiku la tchuthi si nthawi zonse limene chinthucho chinachitika. John Chilembwe timamukumbukira pa 15 Januwale, koma kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915 ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale. Masamba onse atatu alandire zake. Pa 14 Meyi lembani kuti ndi tsiku limene boma linakhazikitsa lokumbukira kubadwa kwa Kamuzu, ndipo zaka zake musawerengere pagulu, chifukwa m'nthawi yake ankati anabadwa mu 1906 pomwe akatswiri ambiri a mbiri amati cha m'ma 1898. Tchuthi chikagwa Loweruka kapena Lamlungu n'kusunthidwira Lolemba, chasuntha ndi kupuma kokha, deti la m'buku lisasinthe.

Tsiku lolengeza nalonso limasokoneza. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, koma boma linalengeza pa 7, tsiku lomwe Joyce Banda analumbira. Ndege ya Chilima inagwa pa 10 Juni, inapezeka pa 11. Nyuzipepala imatuluka mawa lake, choncho mawu oti "dzulo" m'nkhani akutanthauza kuti mubwerere tsiku limodzi kuchoka pa deti la pamwamba pa pepala.

Pali madeti ena omwe mabuku enieniwo sagwirizana, ndipo awiri mwa iwo ndi akuno. David Livingstone anafika pa nyanja yathu cha kuno komwe Shire amatulukira mu Sepitembala 1859, ena amati pa 16, ena pa 17. Sitima yankhondo ya Angelezi yotchedwa Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, kugombe la ku Tanzania, mu Ogasiti 1914, ndipo mudzapeza ena alemba 13, ena 16. Musasankhe mwakachetechete lomwe lakusangalatsani. Lembani pa masamba onse awiri, ndipo powerenga muzinena kuti "mabuku ena amati lero, ena amati tsiku lakuti." Omvera sakuchepetsani chifukwa cha zimenezo.

Masiku oyendayenda ndi aja a masamba 18 akumapeto. Chaka cha Chisilamu chili ndi masiku 354 kapena 355, choncho Ramadhan ndi Idi zimabwerera mmbuyo ndi masiku 10 mpaka 12 chaka chilichonse, ndipo tsiku lenileni limadikira kuoneka kwa mwezi. Kalendala ya pakhoma imangoyerekeza, inu dikirani chilengezo cha mashehe. Pasaka amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Mukalemba Idi ya chaka chino pa tsamba la deti lokhazikika, wodzagwiritsa bukuli chaka chamawa adzalengeza Idi pa tsiku lolakwika, ndipo ku Mangochi cholakwa chimenecho sichingabisike.

Kulemba zoti muwerenge

Pa mphindi zisanu, zitatu zipite ku nkhani yaikulu, imodzi kwa obadwa, theka ku chikumbutso, theka lotsala ku funso limene omvera apite nalo kunyumba. Zolembazo ziwerengeni mokweza muli ndi wotchi, osati chamumtima, popeza mawu athu ndi aatali ndipo tsamba limene m'maso likuoneka lalifupi limadya nthawi pakamwa. Zikapitirira, dulani akunja, osati akwathu. Chiganizo chimodzi chisanyamule zaka zoposa ziwiri. Mayina achilendo ayeserenitu katchulidwe kake usiku wake.

Poyambira pake patha kumveka motere: "Lero ndi pa 12 Febuluwale. Usiku ngati wa lero mu 1965, tauni ino ikutchedwa Fort Johnston, anthu pafupifupi 200 ochokera cha ku Malindi analanda polisi n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Anakaima pa Liwonde. Chinawaimitsa n'chiyani?" Funso lopita nalo kunyumba likhale loyankhika: "Kafunseni agogo kuti asanamange mlatho ankawoloka bwanji Shire, ndipo ankalipira zingati." Mayankho ake mawa lake alowe m'buku ndi pensulo. Chiwerengero cha zaka zomwe zapita, monga 60 mu 2025, chisalembedwe ndi bolopeni, chimasintha chaka ndi chaka ndipo wowerenga mothamanga amangotchula chomwe wapeza.

Kudzaza masamba ena

Masamba 366 sadzadza mwezi umodzi, ndipo ambiri adzakhala ndi mzere umodzi wokha kwa nthawi yaitali. Poyambira pabwino ndi pa chipilala cha wotchi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Chipilalacho chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, yemwe anamwalira pa 22 Januwale 1901. Pomwepo pali mzinga wa sitima ya Guendolen ija ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Vipya inamira kumpoto, cha ku Chitimba, osati kuno, ndipo munene choncho. Jambulani zolembedwazo pa foni, muzikopere chilembo ndi chilembo, kenako lowani mu Lake Malawi Museum yomwe ili chapafupi. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu Okutobala 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881, ndipo ku Monkey Bay ndi komwe Ilala ya masiku ano inalumikizidwa n'kuyamba kuyenda mu 1951. Miyala ya maziko a matchalitchi, mizikiti, sukulu ndi zipatala nthawi zambiri imakhala ndi deti lonse, tsiku, mwezi ndi chaka, koma werengani bwino ngati likunena za kuika mwala kapena za kutsegulira, chifukwa pakati pa ziwirizi pamatha kudutsa zaka.

Bukuli likhale ndi mwini mmodzi wolemba ndi bolopeni, ena onse azibweretsa zawo papepala. Lisungidwe mu jumbo m'kabati chifukwa cha chinyezi ndi chiswe, ndipo pakutha pa teremu iliyonse jambulani masamba atsopano pa foni n'kutumiza kwa anthu awiri osiyana.